Mbale ya Nswala Idabwerera ku Oakville

Kwathu ku Malawi amayi anali namwino, koma titafika ku Canada mapepala awo sanawalole kugwira ntchito m'chipatala, ndiye ankasamalira okalamba m'makomo mwawo. Bambo anali atamwalira tisanasamuke. Tinkakhala awiriwiri ku Scarborough, m'nyumba yosanja imene chikepe chake chinkanunkha anyezi wokazinga ndi majasi onyowa. Ine ndinali ku sekondale, ndipo chilichonse chondichitikira ndinkachilemba m'kabuku kanga, ngakhale maonekedwe a mitambo. Zambiri zimene ndinalemba chaka chimenecho ndi za mbale imodzi.

Loweruka lililonse amayi ankakagwira ntchito ku Oakville, kwa mayi wina wokalamba amene iwo ankawatchula kuti adona. Ankanditenga, poti sankafuna kuti ndiswere ndekha m'nyumba ndi wailesi yakanema. Tinkakwera basi, kenako sitima yapansi, kenako sitima ina yaikulu yodutsa m'mbali mwa nyanja, mpaka kukafika kumene nyumba zake zili ndi mitengo ikuluikulu pakhomo ndipo mumsewu simuoneka munthu woyenda pansi.

Adona anali a ku America, ku Ohio, koma anakwatiwa ku Canada, ndipo amuna awo anali atamwalira kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo ankakhala kutali, kumadzulo kwenikweni kwa dzikolo, ndipo ankaimba foni Lamlungu. Anali nkhalamba yaukali. Ankayenda ndi ndodo, ndipo ndodo yomweyo ankalozera zinthu ndi kugogodera pansi akafuna tiyi. Adokotala anali atawaletsa fodya, ndiye ankasunga ndudu imodzi m'thumba la juzi n'kumangoinunkhiza osaiyatsa.

Tsiku loyamba amayi anandikhazika m'khitchini ndi masamu anga n'kundiuza kuti ndisakhudze kanthu. Koma chitseko cha chipinda chodyera chinali chotsegula, ndipo mkatimo khoma lonse linali mashelefu a zoumba. Dongo ine ndinkalidziwa: mbiya ndi miphika ya kwathu, yofiirira, yothimbirira ndi utsi. Ndinkadziwanso mbale zadothi zoyera zamaluwamaluwa, zija zimatsekeredwa m'kabati kudikira alendo. Izi zinali zina. Munali mitsuko yaitali yowonda, yokhala ndi masitepe m'mbali ngati nyumba zosanja. Munali mbale zokhala ndi mizere yochokera pakati ngati dzuwa likamatuluka. Munalinso timafano ta akazi ovina, aatali kuposa mmene munthu angatalikire, nsalu zawo zitaumira m'mphepo. Ndinaima pakhomopo mpaka adona anagogoda ndodo n'kunena kuti ndikuwatchingira kuwala, ndilowe kapena ndichoke.

Ndinalowa.

Anandiuza kuti masiku ano anthu amazitchula kuti art deco, ndipo amazilankhula monong'ona ngati ali m'tchalitchi, koma iwo panthawi yawo ankangoti ndi ntchito. Ali msinkhu wanga anagwirapo pa kanyumba kena koumbira mbale kwawoko. Amuna ankaumba pa gudumu lozungulitsira dongo ndi kusonkhezera uvuni pansi, atsikana ankajambula m'chipinda chapamwamba mmene munkazizira mpaka zala kuuma. Bwana wawo sankafuna maluwa. Ankati maluwa ndi a agogo ake, iye akufuna liwiro: mizere yowongoka, ngodya zakuthwa, nyama zodumpha, chilichonse chooneka ngati chikuthamangira sitima. Zambiri zimene zinali pamashelefupo adona anachita kugula pambuyo pake, chimodzichimodzi, kwa anthu otaya katundu wakale. Cha manja awo chinalipo chimodzi chokha.

Inali mbale yakuya, kukula kwake ngati yosambira m'manja. Kunja kwake kunali kwakuda, koma mumdimamo munkatuluka buluu wowala, amene sindinamuonepo pa nsalu kapena pa khoma lililonse. Nswala zinkadumpha motsatana kuzungulira mbaleyo, miyendo yake yowonda ngati singano, kunsi kwake kuli mizere yamasitepe, pamwamba pake theka la dzuwa. Anandifotokozera mmene ankachitira. Mbale ikadali yaiwisi ankaipaka dongo lakuda lamadzimadzi, likauma pang'ono n'kumakanda ndi kachitsulo kosongoka kuti dongo loyera lapansi lionekere. Kenako ankaithira utoto wonyezimira wabuluu n'kuiwotcha, ndipo paliponse pamene anakanda pankawala, kwina konse n'kukhala mdima. Pantchito imeneyo palibe kufufuta. Ukakanda wakanda.

Anandiuza kuti ndiinyamule, ndiitembenuze pang'onopang'ono, mpaka ndinafika pa nswala ina ya mwendo wakumbuyo waufupi. Anati pamenepo anayetsemula. Bwana ataiona anati siingagulitsidwe, ndipo kanyumbako katatsekedwa pa nthawi imene chuma cha ku America chinagwa kalelo, iwo anaitenga n'kuibisa m'jasi ulendo wonse wa pasitima wobwerera kwa makolo awo.

Kuyambira tsiku limenelo masamu ankatha msanga. Adona analibenso dongo, ndipo manja awo ankanjenjemera moti kapu ankaigwira ndi manja onse awiri, koma anandituma kuti ndipake polishi wakuda wa nsapato pa matailosi oyera otsala pokonza bafa, n'kumakandapo ndi msomali. Kuyamikira sankadziwa. Ankati nswala zanga zadya kwambiri, kapena zikuoneka ngati zikudikira basi. Ndikakoka mzere mwamantha ankagogoda ndodo n'kunena kuti mzere umakokedwa kamodzi, usanapume, ngati telala akudula nsalu. Amayi akamadutsa ndi zochapa ankaseka n'kundiuza m'Chichewa kuti ndapeza mnzanga wouma mutu ngati ine. Kusukulu ndinalembetsa kalasi ya zojambula chifukwa ndinamva kuti ali ndi uvuni.

Masamba a mitengo atayamba kufiira ndi kuyoyoka, Loweruka lina tikukonzekera kunyamuka, adona anatuma amayi kuti atsitse mbale ija pashelefu. Anaikamo maapozi a mumtengo wa kuseri kwa nyumba, n'kuikankhira kwa ine patebulo.

"Maapozi udye, mbale usunge," anatero. "Ndi yako."

Ndinayang'ana amayi. Iwo anathokoza, bondo litapindika pang'ono monga amachitira kwa akuluakulu, n'kuikulunga m'thaulo. Ndinaifungata pamiyendo ulendo wonse, osatsamira, ndipo m'basi munthu akandiyandikira ndinkamutchinga ndi chigongono. Kunyumba ndinaiika pawindo la pabalaza, pamene dzuwa la m'mawa limafikira. Mlungu umenewo ndinkadzuka amayi asanandidzutse, kuti ndione buluu uja akuyamba kuwala mwendo ndi mwendo.

Lachisanu nditabwera kusukulu ndinapeza amayi akukazinga zitumbuwa. Anatsuka mbale ija, anaipukuta bwinobwino, anaidzaza, n'kuimanga m'chitenje mfundo pamwamba. Ndinafunsa kuti ikupita kuti. Anati kwa eni ake. Mbale yobwera ndi chakudya imabwerera, ndipo sibwerera yopanda kanthu, kodi zimenezo ndaiwala kale m'zaka zochepa zomwezi? Ndinati mbaleyo sinabwere kudzaperekeza maapozi, adona anapatsa ine, ndipo ananena momveka.

"Ndinamva," anatero amayi. "Chingerezi ndimachimva."

Anaika phukusilo pafupi ndi chitseko.

Adona atamasula chitenjecho anayang'ana zitumbuwa, anayang'ana amayi, n'kufunsa ngati kwathu mphatso timabweza. Amayi anayankha mwaulemu kuti maapozi anali okoma kwambiri ndipo sakanatha kungokhala chete. Adona anakalipa mpaka kutsokomola, komabe zitumbuwa anadya ndi tiyi, ndipo amayi anasiya mbaleyo patebulo kuti zotsalazo azidya pang'onopang'ono. Loweruka lotsatira tinaipeza yotsukatsuka, muli mabisiketi, itaikidwa pafupi ndi chikwama changa.

Umo ndi mmene inayambira kuyenda, mlungu wina kwathu, wina kwawo, nyengo yonse yachisanu. Amayi ankaikamo mandasi, chikondamoyo, mbatata yowotcha. Tsiku lina anaikamo mtedza wokazinga, adona n'kufunsa ngati cholinga chawo n'kuwamaliza mano otsalawo. Adona nawo, mabisiketi atawakwana, anayamba kuikamo zamwano: ndimu imodzi, anyezi, mabatani a malaya, tsiku lina ndudu yawo ija. Kenako anaitumiza yopanda kanthu, akuti aone ngati lamulo lathu linaganizirako za mbale yobwera yokha. Inabwerera ndi futali. Woinyamula ndinali ine, ndipo misewu ikaterera ndi madzi oundana ndinkaikumbatira mkati mwa jasi n'kumayenda ngati mayi woyembekezera.

Anti ena a ku Chipata, anzawo a amayi a kutchalitchi, ankakhala ku Etobicoke ndipo ankabwera kwathu Lamlungu lina ndi lina. Atamva nkhaniyi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya duku, n'kufunsa ngati mbaleyo tinaigulira tikiti yakeyake ya pamwezi. Kenako anauza amayi kuti manje asiye nkhanza: mwana aifuna mbale, nkhalamba ifuna kupatsa, vuto ili pati? Ngati akuopa kuti achibale adzati tinaba, auze adona aimbire mwana wawo amudziwitse. Amayi anati iwo sangapite kwa munthu wamoyo, amene akudya ndi kukalipa, kukamuuza kuti akonze za katundu wake. Anti anandiyang'ana, anakweza mapewa, n'kupempha tiyi wina.

Ine mtima unkandipweteka. Mlungu umene mbale inali ku Oakville, pawindo pankakhala pambalambanda, ndipo ndinkapewa kuyang'anapo. Tsiku lina tikubwerera titaisiya, ndinalira m'sitima nkhope nditalozetsa pagalasi kuti amayi asaone, osadziwa kuti galasilo likuwaonetsa zonse. Anadikira mpaka anthu amene tinakhala nawo atatsika.

Anandikumbutsa wotchi ya bambo, ya lamba wachikopa, imene sankaivula ngakhale posamba m'manja. Anati bambo akudwala, tsiku lina m'mawa anaivula n'kuwapatsa kuti asunge, akuti ikuwalemera pamkono. Iwo, namwino wathunthu, analandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Mwezi sunathe. Anati munthu akayamba kugawa zinthu zimene amazikonda ndiye kuti akutsanzika, ndipo ukalandira wamuvomera kuti azipita.

"Ndikamaibweza, adona amakhala ndi wokangana naye Loweruka linalo," anatero. "Munthu amene akadali ndi wokangana naye safulumira."

Wotchiyo nayo sinakhalitse m'manja mwawo. Abale a bambo anaitenga pamodzi ndi mipando, filiji ndi makapu, nyimbo za maliro zisanathe n'komwe panja. Zimenezo ndinkazikumbukira ndekha: amuna akudutsitsa tebulo lathu pamwamba pa miyendo ya azimayi amene anakhala pansi akulira. Amayi anati tsiku limenelo analumbira kuti pakamwa pawo sipadzatuluka mawu a katundu panyumba ya maliro, ngakhale katunduyo atakhala wawo.

M'kabuku kanga ndinalemba kuti kusukulu tinaphunzira mmene mtima umagwirira ntchito, ndipo mbale ilibe nawo gawo. Ndinalemba motsimikiza, n'kudula mzere kunsi kwake. Koma Lachisanu limene mbale inkayenera kubwerera, amene anakanya nthochi za zitumbuwa ndinali ine.

Chisanu chitayamba kutha, madzi akuyenderera m'mbali mwa misewu, adona anali atasiya kubwera kuchipinda chodyera. Bedi lawo linatsitsidwa pabalaza, ndodo inangotsamira kukhoma. Chakudya chimene tinkabweretsa ankangochilawa, chotsala ankadya mayi wina amene ankawasamalira mkati mwa mlungu. Matailosi anga ndinkawaonetsera pabedi pomwepo. Tsiku lina anayang'anitsitsa limodzi n'kunena kuti nswala iyi yokha ikuthamanga. Kuyamikira kwawo konse kwa chaka chimenecho kunali komweko, ndipo ndinakulemba m'kabuku ndi zilembo zikuluzikulu.

Loweruka lina anaitanitsa mbaleyo pabedi, yopanda kanthu. Anasisita ndi chala pa nswala yopunduka ija, n'kuitana amayi.

"Ndikudziwa chimene mukuchita," anatero. "Mwachita bwino, ndadya zinthu zimene ndikanafa osazidziwa. Koma ndatopa. Ulendo uno isabwerenso."

Amayi anali atagwira pilo amene ankafuna kumusintha nsalu. Kenako anamuika pampando, analandira mbaleyo ndi manja awiri, n'kundipatsa.

Lachisanu limenelo sanakazinge kanthu. Nthochi zinada pamwamba pa filiji, palibe anazikhudza. Ine ndinali wokondwa ndi wamantha nthawi imodzi, ndipo sindinkadziwa chimene ndilembe. Loweruka tinapita chimanjamanja. Adona anayang'ana manja anga, anayang'ana a amayi, anamwetulira, n'kugona pafupifupi tsiku lonse. Mkati mwa mlungu wotsatira foni inalira ndikumanga zingwe za nsapato kuti ndizipita kusukulu. Amayi anamvetsera, anati zikomo, anabweza foni pamalo pake, n'kukhala pansi penipeni m'khitchini miyendo atatambasula, monga amakhalira azimayi pamaliro kwathu.

Masiku otsatirawo akamadutsa pabalaza ankayang'ana kumbali. Sanatchule mbale, inenso sindinaitchule.

Tinamva kuti mwana wa adona wafika, ndipo mwambo wa kumanda ukatha anthu akakumana kunyumba masana. Amayi anati kunyumba ya maliro sapita chimanjamanja, ndipo anakazinga mandasi. Pofuna poika anatsegula kabati yathu, muli mbale zapulasitiki ndi bakuli limodzi losupuka. Anaima pang'ono, kenako kwa nthawi yoyamba anayang'ana pawindo. Anati zingakhale bwino mbaleyo ikaperekeze mwini manja amene anaijambula. Anati tsopano ndi yathu, ndipo pamaliro mayi aliyense amabwera ndi chakudya m'mbale yake, chikatha n'kutenga mbale yake kubwerera nayo, palibe amasokoneza. Anandifunsa ngati ndikulola, poti ndi yanga. Ndinalola. Nanenso ndinaona kuti n'zoyenera, ndipo tonse awiri sitinaganize kupitirira pamenepo.

M'nyumba ya adona munali anthu ovala zakuda, ataimirira m'timagulu, aliyense ndi kambale kakang'ono m'manja, akulankhula motsitsa. Panalibe woimba, panalibe wolira. Amayi anasowa pokhala, poti pansi panalibe amene anakhalapo. Zoumba zonse zinali pamashelefu monga kale, kupatula mpata umodzi pakati. Mwana wa adona anali mayi wamtali, wa imvi kale, mphuno ngati ya mayi ake. Anakumbatira amayi n'kunena kuti pafoni ankamva za iwo Lamlungu lililonse, makamaka kuti ndi munthu wosamva. Kenako anatitsogolera kukhitchini kuti tikaike chakudya.

Amayi atamasula mfundo ya chitenje, mayi aja anagwira pakamwa. Anachotsa mandasi limodzilimodzi n'kumawaika pa thireyi osawayang'ana n'komwe. Ananyamula mbaleyo, anaitembenuza mofulumira ngati munthu wodziwa kumene akupita, mpaka pa mwendo waufupi uja, ndipo analira. Kumeneko kunali kulira koyamba kumene ndinamva m'nyumbamo. Anati chifikireni akhala akuifunafuna nyumba yonse, mpaka anaganiza kuti inasweka ndipo mayi awo anawabisira. Ali mwana anadwala chikuku, mayi awo anawaikira mbaleyo pafupi ndi bedi, ndipo iwo ankacheza ndi nswala yopundukayo, kuilimbikitsa kuti ifulumire zinzake zingaisiye. Anati zina zonse za pamashelefuzo zipite kumene zingapite, iwo ankafuna iyi yokha. Anatithokoza kuti tinaisamala, ndipo koposa kuti tinaibweza.

Ndiye kuti adona sanawauze. Kaya anaiwala, kaya nthawi ya pafoni inkathera m'mikangano yawo, sindidzadziwa.

Amayi anatembenukira kwa ine. Lumbiro lawo ndinkalidziwa, ndipo ndinaona kuti ali okonzeka kuliphwanya pomwepo, m'khitchini ya eni, chifukwa cha ine. Anafunsa motsitsa, m'Chichewa.

"Ndinene?"

Ndinayang'ana mayi aja. Anali ataikumbatira pachifuwa, mikono yonse iwiri, ndendende mmene ine ndinkainyamulira m'sitima.

"Ayi, amayi," ndinatero. "Musanene."

Mayi aja anapukuta maso n'kufunsa kuti tikuti chiyani. Amayi anawauza kuti mwanayu akuti mandasi amakoma akadali ofunda.

Potsanzika anapinda chitenje chathu bwinobwino n'kutipatsa. M'sitima ndinachiika pamiyendo, ndipo manja anga ankangofunafuna chogwira. Kunja nyanja inali yotuwa, madzi oundana atatha. Tikuyandikira m'tauni amayi anati andilakwira kawiri: adona ali moyo iwo anandimana mbale ija, atapita anakaipereka kwa ena ndi manja awo. Ndinawakumbutsa kuti amene anati asanene ndine. Anati akudziwa, ndipo n'chimene chikuwapweteka kwambiri. Analowetsa dzanja lawo m'chitenje muja n'kugwira langa, ndipo tinakhala choncho mpaka potsikira.

Za Lachisanu lija limene sanakazinge, mpaka lero sanazitchulepo. Ine ndimafuna kuwauza kuti adona anali atatopa kale, ananena okha, ndipo zitumbuwa sizikanasintha kanthu. Ndayesapo kuyamba kangapo. Ndikangotsegula pakamwa amandituma kukaona ngati chitseko n'chokhoma.

Loweruka anapeza ntchito ina kufupi, kwa bambo wina wokalamba amene salankhula ndi munthu. Kumeneko sanditenga. Ine ndimadzukabe m'mawa ngati kuti kuli sitima yoti tiithamangire.

Kusukulu ndinaumba mbale yanga. Dongo lakuda lamadzimadzi aphunzitsi anali nalo, koma buluu wa kusukulu ndi wotumbululuka ngati khoma la chipatala. Yoyamba inang'aluka mu uvuni. Yachiwiri inatuluka yamoyo. Nswala imodzi ndinaifupikitsa mwendo dala, ndipo ikuonekeratu kuti ndi dala, adona akanagogoda ndodo. Chimene chinandiliza pojambula n'chakuti ndinaiwala kumene nswala zija zinkalowera, kaya kumanja kaya kumanzere. Ndinatsegula kabuku kanga, mmene ndinazijambula kambirimbiri, n'kupeza kuti patsamba lina zikuthamangira uku, patsamba lina uko. Mbale imene ndinaikumbatira nyengo yonse yachisanu.

Nditabwera nayo kunyumba amayi anaitembenuza m'manja nthawi yaitali. Lachisanu anakazinga zitumbuwa, anaidzaza, anaimanga m'chitenje chomwe chija, kenako anaima pakati pa balaza ndi phukusilo ngati munthu amene waiwala chimene amafuna. Pamapeto pake anati tipite nayo ku Etobicoke. Anti a ku Chipata anaiyang'ana mbali zonse n'kunena kuti mbuzi zake n'zabwino, zionekeratu kuti zili na msipu. Inabwerera ndi kapenta, ndipo fungo lake silinachokebe.

Aphunzitsi akuti ku Oakville komweko kuli koleji yophunzitsa zoumba, ndipo ndikalimbikira angathe kunditenga. Kumeneko mwina akudziwa mmene buluu uja amapangidwira. Nditawauza amayi anati sitima yake tikuidziwa kale. Ananena akuyang'ana pawindo, pamalo paja, pamene mpaka lero sitinaikepo china chilichonse, ngakhale mbale yanga.